Funsani Tikambirane: Digiri yachiwiri ya ulamuliro ndi chitukuko kuno ku Joni

Mwezi uno ndalandira makalata atatu ochokera m'madera osiyana a Johannesburg, onse ofunsa za maphunziro amodzimodzi, ndipo ndawaika pamodzi chifukwa yankho la wina likhoza kuthandizanso mnzake. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba ndawasunga, ndipo makalatawo ndawafupikitsa.

Funso: Ndili ndi digiri ya kayendetsedwe ka ntchito za boma yomwe ndinatenga ku Chancellor College ku Zomba, koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndakhala kalaliki pa kampani ina ya mathiraki ku City Deep, komwe ndimakonza mapepala a katundu wopita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndaona kuti mayunivesite a kuno ali ndi digiri yachiwiri ya ulamuliro wa chigawo, mfundo za boma ndi chitukuko. Anzanga akuti amenewa ndi maphunziro a anthu ofuna ndale, ndipo akuti kuli bwino ndisunge ndalamazo ndigule thiraki yangayanga. Kodi kumeneko amaphunzitsa chiyani, ndipo munthu ngati ine angapindule nazo? *Bambo wa ku Turffontein*

Yankho: Bambo, anzanuwo musawanyoze, chifukwa n'zoona kuti thiraki imabweza ndalama msanga kuposa digiri, ndipo ine sindikunamizani kuti pepala limeneli lidzakulemeretsani. Pomwe aphonya ndi pamene akuti awa ndi maphunziro a andale. Wandale amalonjeza ali pa nsanja, koma alipo anthu ena osaoneka amene amakhala pansi n'kuwerengera kuti lonjezolo lidya ndalama zingati, litsata lamulo liti, ndipo pakatha zaka zitatu tidzadziwa bwanji ngati lathandiza. Maphunzirowa amasula anthu amenewo.

Musanalembe kalata yofunsira malo, dziwani kuti mawu akuti chigawo ali ndi matanthauzo awiri m'maphunziro amenewa, ndipo alipo ena amene analowa m'kalasi akuyembekezera tanthauzo lina n'kukapezamo linalo. Nthawi zina chigawo chimatanthauza maiko angapo oyandikana amene agwirizana kuchitira zinthu limodzi, monga a SADC. Nthawi zina chimatanthauza dera lalikulu la m'dziko limodzi, monga Gauteng kuno kapena Chigawo cha Pakati kumudzi. Dzina la digiri lokha silikuuzani, choncho werengani mndandanda wa maphunziro ake mpaka kumapeto.

Tanthauzo loyambalo ndi limene lili pa desiki yanu tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti mwina simunaliganizirepo motero. Pa 1 April 1980 maiko asanu ndi anayi anakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa bungwe la SADCC, ndi cholinga chochepetsa kudalira South Africa ya tsankho pa njanji, madoko ndi malonda. Malawi inali m'gulumo, ngakhale kuti boma la Kamuzu linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967, ndipo kusamvetseka kumeneko pakokha ndi nkhani yoti munthu n'kulembapo kafukufuku. Mu 1992 ku Windhoek bungwelo linasanduka SADC, likulu lake lili ku Gaborone, South Africa inalowa mu 1994, ndipo lero muli maiko 16. Mu 2008 maikowa analengeza kuti ayamba malonda osalipiritsana msonkho wa pachipata pa katundu wambiri wopangidwa m'chigawo chino.

Tsopano taganizirani thiraki imene mwaikonzera mapepala Lolemba m'mawa. Ikachoka ku City Deep ikafika pa Beitbridge, idutsa Harare mpaka pa Nyamapanda, iwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Amenewo ndi maiko anayi, onse a SADC, ndipo pali malire atatu. Inu mukudziwa bwino kuposa mphunzitsi aliyense zimene zimachitika dalaivala akakuimbirani usiku ali pa mzere wautali, akunena kuti chidindo china chasoweka pa chikalata chosonyeza komwe katunduyo anapangidwira, kuti kompyuta ya pachipata yazima, ndiponso kuti ndalama ya chakudya yamuthera. Pa pepala la ku Gaborone katunduyo amayenda momasuka, koma pa phula amagona masiku. Mpata umene uli pakati pa pepalalo ndi phulalo ndi pomwe pagona maphunziro onsewa. M'kalasi adzakufunsani chifukwa chimene chipata cha Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, chinayamba kugwira ntchito mu 2009 ngati chipata choima kamodzi, pomwe thiraki imaonedwa ndi maiko onse awiri pa malo amodzi, pomwe cha Mchinji ndi Mwami chinadikira mpaka 2022. Adzakufunsaninso chimene chimachitika dziko likakhala m'mabungwe awiri nthawi imodzi, pakuti Malawi ili mu SADC komanso mu COMESA, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yomwe likulu lake lili ku Lusaka ndipo nthambi yake yoona za mpikisano pa malonda ili ku Lilongwe, pomwe South Africa mu COMESA mulibe, koma ili mu SACU, mgwirizano wa msonkho wa pachipata umene unayamba mu 1910. Bungwe lililonse lili ndi malamulo akeake onena kuti katundu ndi wa m'chigawo pokhapokha atakwaniritsa zakutizakuti, ndipo chidindo chimene chimavutitsa dalaivala wanu chija chinabadwira m'malamulo amenewo.

Musaganize kuti mudzangophunzira zotamanda mabungwewa. Mphunzitsi wabwino adzakutengerani ku nkhani ya khoti la SADC limene linali ku Windhoek. Mu 2008 khotilo linagamula mokomera alimi a ku Zimbabwe, motsogozedwa ndi Mike Campbell, amene ankadandaula za kulandidwa minda. Boma la Zimbabwe linakana chigamulocho, ndipo m'malo molikakamiza kuti limvere, atsogoleri a maikowa anaimitsa khotilo mu 2010, kenako mu 2014 anasainira pangano latsopano loti khotilo lizimva milandu ya pakati pa maboma okhaokha, munthu wamba asamakasumeko. Mu December 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lino, lomwe lili pa Constitution Hill pafupi ndi Braamfontein, linagamula kuti Jacob Zuma, ali pulezidenti, analakwira malamulo potenga nawo mbali pa zimenezo. Ife Amalawi tili nayo yathu nkhani yofanana nayo kulemera. Mu October 2010 Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pa mtsinje wa Shire, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, koma bwato la katundu limene linkayembekezeka kufika tsikulo linagwidwa ndi akuluakulu a boma la Mozambique, omwe ankati kafukufuku wa mtsinjewo ayambe wachitika. Simenti inathiridwa, koma mgwirizano ndi mwini madzi a kumunsi unali usanapse. Kwa dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu, ndikuona kuti phunziro limeneli liyenera kuphunzitsidwa chaka choyamba, sabata yoyamba.

Tanthauzo lachiwiri lija mumakhalamo osadziwa. Gauteng ndi chigawo chaching'ono kuposa zonse zisanu ndi zinayi za dziko lino, koma muli makhonsolo atatu a mizinda ikuluikulu, Johannesburg, Tshwane ndi Ekurhuleni, ndipo munthu akhoza kugona ku Tembisa, kugwira ntchito ku Midrand, mwana wake n'kumaphunzira ku Centurion, kutanthauza kuti tsiku limodzi wadutsa m'manja mwa mameya atatu. Ndani tsono ayenera kukonza za mayendedwe ake? Inu a mathiraki simunaiwale zipata za e-toll za pa misewu ikuluikulu ya Gauteng zimene zinayamba kulipiritsa mu December 2013, anthu ambiri n'kukana kulipira, mpaka boma linazizimitsa mu April 2024. Misewu inamangidwa bwino ndithu, koma amene ankayenera kulipira sanakhutire kuti anafunsidwa mokwanira. Kumudzi nako funso n'lomwelo mu chovala china. Mu 1998 tinakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko imene tonse timaitcha mphamvu ku anthu, makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Wophunzira mfundo za boma samangodandaula kuti zinalakwika, koma amafunsa kuti ndani ankapindula ndi kusowa kwa makhansalawo, ndipo ndalama za chitukuko m'zaka zimenezo zinkadutsa m'manja mwa yani.

Za kumene mungaphunzire, muli pabwino. Wits School of Governance ili ku Parktown, ndipo ndi nthambi ya yunivesite ya Wits, inayamba mu 1993 pansi pa dzina lina, ndi cholinga chosula anthu oti adzayendetse boma latsopano. University of Johannesburg ili ku Auckland Park, University of Pretoria ili pamtunda wa sitima ya Gautrain, ndipo UNISA imaphunzitsa munthu ali kunyumba. Ku Midrand kuli Nyumba ya Malamulo ya Africa yonse, kuli AUDA-NEPAD, nthambi ya chitukuko ya African Union, ndi likulu la APRM, bungwe lomwe maiko a Africa amaunikirana za ulamuliro, ndipo pa Wits pomwepo pali South African Institute of International Affairs. Mabungwe otere amachititsa misonkhano yomwe anthu wamba amaloledwa kukamvera, ndipo ndikukulangizani kuti mukakhaleko kawiri kapena katatu musanatulutse ndalama, mudzimve nokha ngati nkhani zake zikukukokani kapena zikukugonetsani tulo.

Ntchito yake si yamasewera. Digiri yachiwiri kuno imawerengedwa kuti ndi makirediti 180, ndipo kirediti imodzi imaimira maola khumi, ndiye kuti maola 1,800 owerenga, kulemba ndi kukhala m'kalasi, omwe inu mudzayenera kuwaba ku tulo ndi ku Loweruka. Mudzakumana ndi zachuma, kakonzedwe ka bajeti ya boma, masamu a chiwerengero, kalondolondo wa ntchito za chitukuko, ndi njira zochitira kafukufuku. Ambiri mayeso a m'kalasi amakhoza, koma amakagwa pa lipoti la kafukufuku. Msuweni wanga wina anapita kwa supavaiza wake ndi mutu wakuti umphawi mu Africa, atautayipa bwino pa masamba khumi. Mayiyo anawerenga tsamba loyamba lokha, natenga cholembera chofiira, nafunsa kuti, mu Africa monsemu iweyo anthu amene ungawafikire ndi thekisi n'kucheza nawo ali kuti? Anatuluka mu ofesimo ndi mutu wonena za amayi ogula katundu kuno n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo ndi umene unamutulutsa. Inu funso lotere muli nalo kale m'mafayilo a pa desiki yanu, ndipo pa chifukwa chimenechi ndikuti pitani. Mukanakhala kuti mukungofuna zilembo zowonjezera kumapeto kwa dzina, ndikanagwirizana ndi anzanu a thiraki aja.

Pa za ntchito ndinene mosapsatira. Maudindo okhazikika m'boma la dziko lino amapita kwa eni dziko ndi amene ali ndi chilolezo chokhaliratu, ndipo ku likulu la SADC malo ndi ochepa, amagawidwanso poyang'ana maiko. Khomo lenileni lili m'mabungwe ofufuza, m'mabungwe omwe si aboma, m'makampani a zamtengatenga amene amafuna munthu womvetsa malamulo a malire, ndiponso kumudzi, komwe masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, akufuna anthu odziwa kusandutsa chikalata kukhala ntchito yooneka.

Funso: Ndine mphunzitsi, ndili ndi digiri ya zaka zinayi ya kumudzi, ndipo ndimabwera kuno kwa mchemwali wanga pa masiku a pasipoti. Ndamva kuti ife a m'maiko a SADC timalipira fizi yofanana ndi eni dziko. Kodi n'zoona, ndipo ndingayambire pati kuti ndilowe maphunziro a mfundo za boma? *Mayi wa ku Cosmo City*

Yankho: Mayi, zimene mwamvazo zili ndi phata, ndipo phatalo lili kwathu komwe. Mu September 1997 atsogoleri a SADC anasainira ku Blantyre pangano la zamaphunziro, lomwe linati mayunivesite azisungira ophunzira a m'maiko anzawo a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti pakapita nthawi ophunzirawo azitengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi ndi malo ogona. Ili ndi limodzi mwa mapangano amene anatsikadi pa pepala n'kufika m'thumba la munthu, chifukwa m'mayunivesite aboma a kuno wophunzira wa ku Malawi kawirikawiri amalipira fizi ya maphunziro yofanana ndi ya mwini dziko. Komabe pamwamba pake pamakhala ndalama ina ya chaka ndi chaka ya ophunzira akunja, ndipo mayunivesite ena amafuna kuti wakunja apereke gawo lalikulu la fizi asanalembedwe m'kaundula. Thandizo la boma la NSFAS si la ophunzira akunja ngati inu.

Poyambira penipeni ndi ku SAQA, bungwe limene limayeza satifiketi yakunja n'kunena mulingo wake pa makwerero a maphunziro a dziko lino. Digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa mulingo 7, digiri ya honours ndi dipuloma ya omaliza digiri zili pa mulingo 8, digiri yachiwiri ili pa 9, ndipo ya udokotala ili pa 10. Musawerengeretu kuti popeza munakhala zaka zinayi pa koleji ndiye kuti muli pa 8, pakuti iwo amayang'ana zimene munalowa nazo ndi zimene munaphunzira, osati zaka zokha. Akakuikani pa 7 musakhumudwe, chifukwa dipuloma ya chaka chimodzi ndi mlatho wabwino, imakuzolowezani kalembedwe kamene amafuna kuno, ndipo mukakhoza bwino, kawirikawiri mapointi apakati pa 60 ndi 65 pa 100 kapena kuposerapo, khomo la digiri yachiwiri limatseguka. Itanitsani msanga chikalata cha magiredi anu onse ku yunivesite yanu, chifukwa kuyezako kumatenga nthawi, ndipo chaka cha maphunziro kuno chimayamba cha mu February pomwe kulandira makalata ofunsira malo kumatsekedwa miyezi ingapo chaka chisanathe.

Nkhani ya pasipoti ndi imene ndikufuna muimvetse bwino. Masiku 30 amene amakudindirani pachipata ndi a mlendo, ndipo salola munthu kulembetsa sukulu. Kuyambira 2014 malamulo salolanso kuti mlendo wamba asinthe chilolezo chake kukhala cha maphunziro ali m'dziko muno, choncho mukalandira kalata yoti mwapatsidwa malo muyenera kubwerera kumudzi n'kukapempha chitupa cha maphunziro kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Adzafuna kalata ya yunivesite, umboni wa ndalama, kalata ya kupolisi, ndi umboni woti mwalowa m'bungwe la chithandizo cha kuchipatala lolembetsedwa kuno. Chitupacho chimalola kugwira ganyu yosapitirira maola 20 pa sabata. Chonde musapitirize masiku anu poganiza kuti zidzakonzeka m'tsogolo, chifukwa wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa apo amaletsedwa zaka zisanu, malo a sukulu aja n'kupita kwa wina.

Mwina mudzafunsa kuti bwanji katundu ali ndi pangano lomuyendetsa pomwe munthu akuvutika chonchi. Pangano lofewetsa kayendedwe ka anthu mu SADC lilipo, linasainidwa mu 2005, koma maiko okwanira sanalivomereze m'nyumba zawo za malamulo kuti liyambe kugwira ntchito. Agogo athu ankabwera kuno pa Theba mwa mgwirizano wa maboma, ndipo ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu anaimitsa ulendowo ndi mawu amodzi. Kubwera kwathu ku Joni kwakhala nkhani ya mfundo za boma kuyambira kalekale, ndipo pa Wits pali African Centre for Migration and Society yomwe ntchito yake ndi kufufuza zimenezi, ngati mtima wanu ungakokere kumeneko.

Za thandizo la fizi, yang'anani ku Canon Collins Trust ndi ku Beit Trust, omwe amathandiza Amalawi pa maphunziro apamwamba, komanso ku Mandela Rhodes Foundation ngati simunakwanitse zaka 30. Onsewa amafuna kuona kuti mukudziwa chimene mukukafufuza, ndipo inu monga mphunzitsi muli nacho pafupi, pakuti maphunziro aulere a pulayimale amene anayamba mu 1994 kumudzi munawaona ndi maso anu, kalasi imodzi itadzaza mpaka pakhomo.

Funso: Pa nyumba ina yosanja m'tauni muno pali koleji imene ikuti ikhoza kundipatsa digiri yachiwiri ya ulamuliro m'miyezi isanu ndi itatu, popanda kafukufuku, ndipo akuti za SAQA ndi za chitupa adzandikonzera okha ndikapereka theka la ndalama sabata ino. Ndipereke? *Mnyamata wa ku Yeoville*

Yankho: Achimwene, musapereke, angakugwiritseni fuwa la moto. Koleji iliyonse yomwe si yaboma iyenera kulembetsedwa ku unduna wa maphunziro apamwamba wa dziko lino, maphunziro ake ayenera kuvomerezedwa ndi Council on Higher Education, ndipo digiriyo iyenera kupezeka m'kaundula wa SAQA ndi nambala yake. Undunawo umasindikiza pa intaneti mndandanda wa makoleji olembetsedwa, ndipo pa koleji iliyonse pamalembedwa maphunziro enieni amene inaloledwa kuphunzitsa, chifukwa ilipo ina yololedwa kupereka satifiketi ya zamalonda koma n'kumagulitsa digiri imene sinaloledwe. Satifiketi yopachikidwa pakhoma la ofesi yawo isakukhutiritseni, koma lembani nambala yake n'kukaiyang'ana nokha pa foni yanu muli panja.

Maola 1,800 amene ndatchula poyankha bambo a ku Turffontein sangalowe m'miyezi isanu ndi itatu ya munthu wogwira ntchito, ndipo chitupa cha maphunziro chimaperekedwa ndi boma, osati ndi kalaliki wa koleji. Kumbukiraninso kuti tsiku lina mudzapita nalo pepalalo kumudzi, komwe bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limaunika ma digiri akunja, ndipo olemba ntchito m'boma amafunsa kumeneko. Afunseni a kolejiyo nambala yawo ya ku unduna ndi nambala ya digiriyo ya ku SAQA, muwauze kuti mubweranso Lolemba mukatsimikiza, ndipo munditumizire kalata ina yondiuza zimene akuyankheni.